Mafunso ndi mayankho okhudza limerick: kulemba, kugawana ndi kupeza ndakatulo za mizere isanu

Kodi limerick ndi chiyani?

Ndi ndakatulo yaifupi yoseketsa, ya mizere isanu, yomwe inakulira m'Chingerezi ku England ndi ku Ireland. Mzere woyamba, wachiwiri ndi wachisanu imathera m'mawu omveka mofanana. Wachitatu ndi wachinayi ndi yaifupi, ndipo nayo imafanana iwiri yokha. Olemba amafupikitsa dongosolo limeneli ndi zilembo AABBA. Mzere wautali umagunda katatu, waufupi kawiri, monga tifotokozera m'munsimu.

Kawirikawiri limerick imasimba kankhani: panali munthu wakutiwakuti, kwawo kunali kwakuti, anachita chakuti, kenako zinathera mwanjira yomwe omvera sanayembekezere. Nachi chitsanzo m'chilankhulo chathu:

Agogo a kwathu ku Dedza
Ankafuna kuyamba kuwedza.
Atagula nsapato,
Chipewa ndi bwato,
Anasowa ndalama ya mbedza.

Musaiwerenge ndi maso okha. Itchuleni mokweza, chifukwa limerick ndi ya khutu.

Dzinali linachokera kuti?

Limerick ndi mzinda wa ku Ireland womwe uli m'mbali mwa mtsinje wa Shannon. Ambiri amati dzinali linabwera chifukwa cha masewera a pa maphwando: aliyense ankapeka ndime yake yoseketsa, ena onse n'kuvomera ndi kolasi yoitanira munthu ku Limerick. Ena amaloza alakatuli a m'zaka za m'ma 1700 a m'dera la mtsinje wa Maigue, kufupi ndi mzindawu, monga Seán Ó Tuama ndi Aindrias Mac Craith, omwe ankalasana ndi ndime zanthabwala m'chilankhulo cha ku Ireland. Ku England dzinali linayamba kuoneka m'mabuku cha m'ma 1890, ndakatulozo zitakhala kale zaka zambiri pakamwa pa anthu.

Ndi zoona kuti anayambitsa ndi Edward Lear?

Sanayambitse, koma ndi iye anazitchukitsa. Timabuku ta ana tokhala ndi ndime za mtunduwu tinkasindikizidwa kale ku London cha m'ma 1820, Lear ali mwana.

Lear anabadwa pa 12 Meyi 1812 ku London ndipo ntchito yake yeniyeni inali yojambula, makamaka mbalame ndi malo. M'zaka za m'ma 1830 ankajambula nyama zomwe Earl of Derby ankaweta ku Knowsley Hall, kufupi ndi Liverpool, ndipo kumeneko ankapeka tindime ndi zithunzi zoseketsa ana a pakhomopo. Mu 1846 anazisonkhanitsa m'buku lotchedwa A Book of Nonsense, lomwe analikuza mu 1861. Onse pamodzi, malimerick omwe anasindikiza ndi 212. Anamwalira mu 1888 ku San Remo, ku Italy, ndipo iye mwini sankagwiritsa ntchito dzina loti limerick. Tsiku lake lobadwa, 12 Meyi, ndi lomwe okonda ndakatulozi amalikumbukira chaka ndi chaka ngati tsiku la limerick.

Mukamawerenga za Lear mudzaona kuti mzere wachisanu nthawi zambiri umangobwereza mawu omaliza a mzere woyamba. Kwa iye nthabwala inali m'chithunzi ndi m'chibwana cha nkhaniyo. Olemba a pambuyo pake ndi amene anasamutsira nthabwala ku mzere womaliza, monga tifotokozera m'munsimu pa funso la mzere wachisanu.

Mukamati mzere "umagunda katatu" mukutanthauza chiyani?

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amawerenga mizere, napeza isanu. Amaona mathero, napeza akufanana. Koma ndakatuloyo ikutsimphina. Chosowa ndi kugunda.

Mu mzere uliwonse muli maphatikizo ena omwe amatchulidwa mwamphamvu ndi ena opepuka. Mizere yaitali itatu ija imakhala ndi amphamvu atatu, yaifupi iwiri imakhala ndi awiri, ndipo pakati pa amphamvu awiri pamakhala opepuka awiri. Ombani m'manja pa zilembo zazikulu izi:

a-GO-go a KWA-thu ku DE-dza
chi-PE-wa ndi BWA-to

Kumayambiriro kwa mzere muli ndi ufulu: phatikizo lopepuka likhoza kukhala limodzi kapena awiri, monga mu a-nka-FU-na ku-YA-mba ku-WE-dza. Pakati pa mzere ndi pamene mulibe ufulu wambiri. Tiyerekeze kuti mzere womaliza tinaulemba kuti "Anapeza kuti alibe ndalama yogulira mbedza". Tanthauzo ndi lomwelo, mathero ndi omwewo, koma palibe angaseke, chifukwa lilime lapunthwa lisanafike pa mbedzayo. Zili ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi: mmodzi akachedwetsa munsi pang'ono, aliyense pabwalopo amamva, ngakhale amene sakuyang'ana.

Kodi limerick ingatheke m'Chichewa, kapena ndi ya Chingerezi basi?

Imatheka, ndipo ine ndimaona kuti Chichewa chili ndi mwayi womwe ambiri sanauzindikire. M'chilankhulo chathu phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu ndi lomwe timalikoka, makamaka pamene tikupumira: ma-LA-wi, nda-LA-ma, chi-MA-nga, ku-LI-ma. Liwu la maphatikizo atatu limabwera kale ndi kayendedwe ka limerick, kopepuka, kamphamvu, kopepuka. Mukayika mawu atatu otere motsatana, mzere wapangika. Mawu a maphatikizo awiri amangofuna kamawu kakang'ono patsogolo, monga ku, pa, ndi, wa, ya: ku ZO-mba, ndi BWA-to, za NSI-ma. Ovuta ndi aneni athu aataliatali. "Sindinamuthandize" ndi liwu limodzi, koma lamaliza malo oposa theka la mzere ndi kugunda kumodzi kokha. Polemba limerick mudzapeza kuti mukusaka aneni aafupi.

Vuto lenileni lili pa mathero a mizere. Mawu athu onse amathera m'lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera mu a. Choncho munthu akhoza kulemba "anapita", "anadya", "anagona" n'kumaganiza kuti mizere yafanana. Khutu silimva kanthu pamenepo. Kufanana kuyenera kuyambira pa lembo la liwu la phatikizo lokokedwa lija mpaka kumapeto: Dedza, kuwedza, mbedza, nsapato, bwato, kulima, mtima, nsima. Ndiponso musadalire aneni okhaokha okhala ndi mchira umodzi, monga kudyetsa, kumwetsa, kugonetsa. Zimenezi n'zosavuta kwambiri moti womvera amadziwiratu chomwe chikubwera. Sakanizani: dzina la malo, mneni, dzina la chinthu.

Ndakatulo zathu zambiri za pa wailesi ndi pa misonkhano zimapeza mphamvu m'kubwerezabwereza, m'miyambi ndi m'zining'a, ndipo zimakhala ndi malo okwanira kutambasula nkhani. Limerick sifuna kulanda malo a zimenezo. Ndi kamasewera kena, komwe kamaphunzitsa mlakatuli kudula mawu.

Ndikufuna kulemba yoyamba. Ndiyambire pati?

Yambirani kumapeto. Pezani kaye nthabwala, muiyike mu mzere wachisanu, kenako mubwerere m'mbuyo kukamanga njira yofikira kumeneko. Amene amayamba ndi mzere woyamba nthawi zambiri amafika pa wachisanu alibe chonena, n'kungotsekapo ndi liwu lililonse lomwe lafanana.

Tiyeni tichite limodzi. Ganizo ndi ili: munthu waulesi amene amadwala nthawi ya ntchito koma amachira nthawi ya chakudya. Liwu lomaliza likhale nsima. Tsopano lembani pambali mawu onse othera mu -ima: kulima, mtima, mdima, kuzima, kulimbalimba ayi chifukwa sakufanana, Salima. Kulima kukugwirizana ndi ulesi, mtima ukugwirizana ndi matenda. Mizere yaifupi ifuna awiri ake: mankhwala, kudwala. Zikatero ndakatulo yatsala pang'ono kudzilemba:

Mkamwini wokana kulima
Ankamva msana ndi mtima.
Anamwa mankhwala
Osasiya kudwala;
Anachira atamva za nsima.

Ngati mukufuna kutchula malo mu mzere woyamba, yesani kaye ngati dzinalo lili ndi anzake. Salima ali nawo ambiri. Zomba ali ndi nsomba ndi kuomba. Limbe ali ndi ayimbe ndi alimbe. Mzuzu ndi wovuta: udzudzu ukuyandikira koma sukufika. Malo otere aikeni pakati pa mzere.

Mukamaliza, perekani pepalalo kwa munthu wina awerenge mokweza inu osamuuza kanthu. Pomwe wapunthwa ndi pomwe pafunika kukonza. Mwini ndakatulo sapunthwa, chifukwa amadziwa pofulumira ndi pochedwa, ndiye khutu lake lokha si lodalirika.

Chimapangitsa mzere wachisanu kukhala wabwino ndi chiyani?

Uyenera kudabwitsa, koma womvera akaganizira aone kuti unali m'njira kuyambira pachiyambi. Agogo a ku Dedza aja agula zonse kupatula chinthu chotsika mtengo kwambiri, chomwenso popanda icho kuwedza kulibe. Liwu lonyamula nthabwala likhale lomaliza penipeni, ndipo lisaonekere m'mizere inayi yoyamba. Mukatchula mbedza mu mzere wachiwiri, mwaulula kale.

Njira zina ndi kusintha mwadzidzidzi amene akulankhula, kulola munthu wa m'nkhaniyo kuyankha ndi mawu ake, kapena kugwiritsa ntchito liwu la matanthauzo awiri. Chosafunika ndi kufotokoza nthabwala kapena kuwonjezera phunziro. Mizere ndi isanu basi.

Ndinamva kuti malimerick enieni ndi olaula. Ndi zoona?

Ambiri mwa omwe ankayenda pakamwa m'malo omwera mowa, m'magulu a asilikali ndi a ophunzira anali olauladi. Gershon Legman, wa ku America, anasonkhanitsa 1,700 otere m'buku lomwe linasindikizidwa ku Paris mu 1953, ndipo iye ankaumirira kuti limerick yeniyeni ndi yolaula, kuti yoyerayo ndi yongokongoletsa. Ine sindigwirizana naye. Za Lear zinalembedwera ana ndipo zakhala zaka zoposa 170 zikuwerengedwa. Kutukwana kumaseketsa mwachangu, koma kawirikawiri kumabisa kusowa kwa luso.

Komabe dziwani zimenezi musanapatse mwana foni kuti afufuze yekha. Kusaka liwu loti limerick pa intaneti kumatulutsa zoyera ndi zolaula mosakanikirana. Aphunzitsi ndi makolo asankhiretu okha.

Kodi limerick ingakambe nkhani zaphindu, monga za maphunziro?

Inde, bola ikhalebe yopepuka. Imodzi mwa zotchuka kwambiri inalembedwa ndi A. H. Reginald Buller, katswiri wa bowa ndi zomera pa yunivesite ya Manitoba ku Canada, ndipo inatuluka m'magazini ya Punch mu 1923. Imaseka ganizo la Einstein lokhudza liwiro ndi nthawi posimba za mtsikana wothamanga kuposa kuwala, amene ananyamuka tsiku lina n'kubwerako usiku wa dzulo lake. Mphunzitsi akhoza kuuza ophunzira kuti afotokoze mfundo imodzi ya sayansi kapena ya mbiri m'mizere isanu. Amene sanamvetse mfundoyo sangathe kuifupikitsa.

Ndingatchule munthu weniweni kapena mtundu wa anthu?

Apa ndikupemphani musamale kwambiri. Popeza mzere woyamba umakonda kutchula malo, n'kosavuta kuti nthabwala isanduke chipongwe kwa anthu onse a kumaloko. Kwathu kuno asuweni amanyozana moseka, ndipo ku Zambia Angoni ndi Abemba ali ndi chimbuya chawo chowalola kutero. Koma zimenezo zimayenda chifukwa onse awiri akudziwana, ali pamaso, ndipo wonyozedwayo ali ndi ufulu wobweza. Uthenga wa pa WhatsApp umachoka pagulu la anthu khumi n'kukafika kwa anthu omwe sadziwa ubale wanu. Ukafika kumeneko chatsala ndi mawu okha.

Sekani khalidwe: ulesi, umbombo, kudzitama, kuiwala. Munthu wa m'ndakatulo akhale wopeka, wopanda dzina lomwe anthu angalozere chala. Musaseke ulumali, matenda, umphawi kapena maliro a munthu. Kumbukiraninso kuti chipongwe sichisiya kukhala chipongwe chifukwa chalembedwa mwandakatulo. Ku Malawi lamulo la mu 2016 loona za mauthenga a pa intaneti limaletsa kuzunza kapena kunyoza ena kudzera pa foni ndi pa kompyuta.

Ndingapeze kuti malimerick abwino oti ndiwerenge?

Mabuku a Lear akupezeka kwaulere pa intaneti, pa tsamba la Project Gutenberg, pamodzi ndi zithunzi zake. Yambirani pamenepo kuti khutu lizolowere kayendedwe kake.

Nkhokwe yaikulu ya masiku ano pa intaneti ndi OEDILF, ntchito yomwe Chris Strolin wa ku America anayambitsa mu 2004. Cholinga chake ndi kulemba limerick yofotokoza tanthauzo la liwu lililonse la Chingerezi, kutsatira alifabeti. Olemba ake ndi ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ndakatulo iliyonse imaunikidwa ndi anzawo isanavomerezedwe. Anapitirira kale 100,000, komabe patatha zaka 20 anali asanafike pakati pa alifabeti. Kwa munthu wophunzira Chingerezi ndi malo abwino, chifukwa mumaphunzira liwu latsopano ndi katchulidwe kake nthawi imodzi.

Okonda kumvetsera apeze pulogalamu ya Wait Wait... Don't Tell Me! ya wailesi ya NPR ku America, momwe womvera amawerengeredwa limerick yokhudza nkhani za m'sabatayo n'kuuzidwa kuti amalize liwu lomaliza. Pa Reddit ndi pa Facebook palinso magulu a olemba malimerick, ngakhale kumeneko zabwino ndi zotsimphina zili pamodzi. A m'Chichewa ndi osowa, ndipo chifukwa chake ndi chakuti sitinayambe kuwalemba mochuluka.

Ndikukumbukira mzere umodzi wokha wa limerick yomwe ndinamva kale. Ndingaipeze bwanji?

Lembani mzerewo pa Google mutautsekera m'zizindikiro za mawu ogwidwa, kuti asake mawuwo motsatana momwe alili. Zikakanika, chotsani zizindikirozo n'kulemba mawu atatu omaliza a mizere yaitali pamodzi ndi liwu loti limerick. Anthu amasintha mawu a pakati akamauzana, koma omaliza sasinthika kawirikawiri, chifukwa ndi amene agwira ndakatuloyo. Musadabwe mukapeza mitundu itatu kapena inayi ya ndakatulo imodzi.

Njira yabwino yogawira anzanga zomwe ndalemba ndi iti?

Mzere uliwonse ukhale pawokha. Mukalumikiza yonse ngati chiganizo chimodzi, wowerenga sadziwa popumira ndipo kugunda kumatayika. Musawonjezere mawu ofotokoza pansi pake, ndipo musayike tizithunzi toseka pakati pa mizere; ngati ndi yoseketsa anthu aseka okha.

Kwa ya m'Chichewa ndimalimbikitsa kutumizanso uthenga wa mawu. Ambiri mwa ife sitinazolowere kuwerenga Chichewa mwa kayendedwe aka, koma tikamva kamodzi timagwira msanga. Lembaninso dzina lanu kapena dzina lanu la ulakatuli pansi penipeni pa mzere wachisanu, kuti lisadulidwe munthu akajambula chithunzi cha foni. Tumizani imodzi kapena ziwiri pa nthawi, osati khumi.

Kodi ndingatumize limerick ya munthu wina?

Za olemba akale monga Lear zilibenso mwini mwalamulo, aliyense akhoza kuzigawa, komabe tchulani dzina lake. Za olemba amoyo ndi zawo, ngakhale ndi mizere isanu yokha. Kutumizira mnzanu mutalemba dzina la mwini wake n'kwabwino. Kuziyika m'buku, pa malaya ogulitsa kapena m'nyimbo kumafuna chilolezo. Ku Malawi mafunso otere amayankhidwa ndi bungwe la COSOMA. Ngati mwini simukumudziwa, lembani kuti wolemba sakudziwika. Musayikepo dzina lanu, ndipo ngati mwangosintha mawu ochepa nenani kuti mwakonzanso ya wina.

Ndingamasulire limerick ya Chingerezi kupita m'Chichewa?

Kumasulira liwu ndi liwu sikutheka, chifukwa mathero ndi kugunda zimatsalira ku chilankhulo chomwe mwachokako. Chotheka ndi kutenga ganizo la nthabwalayo n'kumanga ndakatulo yatsopano motsatira njira yomwe tafotokoza pa funso la poyambira. Dzina la malo lidzasintha, mwinanso munthu ndi katundu wake. Ngati nthabwala yonse yatsamira pa katchulidwe ka liwu la Chingerezi, isiyeni momwe ilili. Za kutchula mwini ganizo, onani funso lapitali.

Pali masewera kapena mipikisano yomwe gulu lingachite?

Otchuka kwambiri ndi omaliza mzere. Mmodzi amapereka mizere inayi, ena onse amapikisana kupeka wachisanu. Mu 1907 masewerawa anagwira dziko lonse la Britain: magazini monga London Opinion ankasindikiza mizere inayi, anthu n'kumatumiza womaliza pamodzi ndi kandalama kolowera kudzera ku positi ofesi, ndipo opambana ankalandira mphoto zikuluzikulu. Makampani nawonso anatengera njirayi potsatsa malonda. Masiku ano ku mzinda wa Limerick bungwe la Limerick Writers' Centre lakhala likuchititsa mpikisano wa ndakatulozi, ndipo magazini ya Saturday Evening Post ku America imapempha owerenga kulemba limerick yofotokoza chithunzi.

Pagulu la kusukulu, la kutchalitchi kapena la pabanja, njira ina ndi yolandizana: anthu asanu, aliyense mzere umodzi. Woyamba ndi amene ali ndi udindo waukulu, chifukwa akasankha liwu lopanda anzake wapanikiza wachiwiri ndi wachisanu. Gwirizanani kaye malire a nthabwala musanayambe, monga tanenera pa funso lokhudza kutchula anthu enieni.

Mnzanga wandionetsa limerick yake ndipo ikutsimphina. Ndimuuze bwanji?

Muuzeni, koma mulozereni malo enieni. Kunena kuti "sinakome" sikumuthandiza. Nenani kuti, "Achimwene, nthabwala yanu ndaimva, koma mzere wachiwiri wachuluka maphatikizo awiri," kapena, "Achemwali, nsomba ndi nyumba sizikufanana mokwanira, bwanji tipeze lina?" Iwerengeni mokweza iye akumva, mukuomba m'manja, kuti adzimvere yekha popunthwira. Ngati zili pagulu la anthu ambiri ndipo mwini wake sanapemphe maganizo, mulembereni kumbali.

Musamulembere mzere wonse watsopano pokhapokha atakupemphani. Mpatseni mawu awiri kapena atatu ofanana ndi omwe akufuna, asankhe yekha.